Kusaka magulu ongophuka kumene a ska punk ndi pop punk: njira iti imabala?

Panali nthawi imene nyimbozi zinkamupeza zokha munthu. Mu 1994 a Green Day atatulutsa chimbale cha Dookie, a The Offspring n'kutulutsa Smash, pop punk, nyimbo za gitala zothamanga koma zosavuta kuimba nawo, inalowa pa wailesi ndi pa MTV, kanema woonetsa nyimbo, ku America ndipo inakhazikikapo zaka zoposa 10. Ska punk, yosakaniza punk ndi nyimbo za ska zochokera ku Jamaica, nayo inalawako: cha m'ma 1996 ndi 1997 malipenga a Reel Big Fish ndi a The Mighty Mighty Bosstones ankamveka paliponse. Moto wa ska sunachedwe kuzilala, ndipo a wailesi atatembenukira kwina, ambiri anangoti basi zatha. Komatu magulu sanasiye kubadwa. Kungoti masiku ano muyenera kudzuka n'kukawasaka nokha, ndipo zomwe mubwere nazo zidalira njira imene mwadzera.

Maganizo anga ndineneretu: njira yodzera mwa anthu imaposa yodzera m'makina. Chinanso chimene ambiri sachiganizira n'choti mitundu iwiriyi, ngakhale imayendera limodzi, sisakidwa mofanana. A ska punk ndi ochepa ndipo amadziwana, moti mukagwira mmodzi amakukokerani kwa anzake onse. A pop punk ndi miyandamiyanda, omwazikana, ndipo ambiri kamvekedwe kawo n'kamodzimodzi. Ku ska chovuta n'kupeza polowera. Ku pop punk mumalowa mosavuta, thukuta limatuluka posankha.

Makina a Spotify ndi anzake

Pafupifupi aliyense amayambira apa, ndipo palibe cholakwika. Spotify inayambitsa Discover Weekly mu 2015, mndandanda wa nyimbo umene umasintha Lolemba lililonse, ndipo mu 2016 inawonjezera Release Radar, wa Lachisanu, wobweretsa zatsopano za oimba amene mumawamvera. Apple Music, YouTube Music ndi Deezer nazo zili ndi zofananako. Simuchita kulimbana nazo, nyimbo zimangobwera muli pa zina.

Vuto lagona pa kasankhidwe kake. Makinawa amaona zomwe inu mumamvera, amafuna anthu ena omvera zofanana ndi zanuzo, kenako amakupatsani zomwe anthuwo amakonda koma inu simunazimve. Kuti zimenezi ziyende, nyimbo iyenera kukhala kuti yadutsa kale m'makutu ambiri. Gulu loti latulutsa nyimbo 4 mwezi wathawu, omvera ake n'kukhala achibale ndi anzawo a kuntchito, nthawi zambiri makina saliona. N'chifukwa chake mukayamba ndi Less Than Jake mumapezeka muli kwa Reel Big Fish, kenako Goldfinger, kenako Mad Caddies, n'kubwereranso kwa Less Than Jake, ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo imene imangodya mozungulira pamalo omwewo.

Pali kanzeru kowapusitsira. Musayambire pa gulu lotchuka, yambirani pa laling'ono kwambiri lomwe mukulidziwa. Tsegulani tsamba lake, tsikirani pamene alemba kuti Fans also like, ndipo pa mayina ali pamenepowo sankhani lomwe lili ndi omvera ochepa pamwezi. Mukatero maulendo angapo mufika kumene mayina onse ndi achilendo. Onaninso mindandanda imene oimba eni ake amaika pa tsamba lawo, chifukwa imeneyo yasankhidwa ndi munthu ndipo kawirikawiri imadzaza ndi anzawo oimba nawo m'makalabu. Koma dziwani kuti kuyambira 2024, nyimbo yomwe sinamveredwe kokwana 1,000 m'miyezi 12 Spotify siilipira kalikonse. Kumvera gulu laling'ono pamenepa kumakuthandizani inu kulidziwa, m'thumba mwa oimbawo mulowa zochepa kapena osalowa kanthu.

Makampani ang'onoang'ono otulutsa nyimbo

Kwa wokonda ska punk, iyi ndiye njira yaikulu, ndipo yakhala choncho kuyambira kale. Mbiri ya ska imawerengeka potsatira makampani: Studio One ya Coxsone Dodd ku Kingston, 2 Tone yomwe Jerry Dammers wa The Specials ya ku Coventry anaiyambitsa mu 1979, Moon Ska ku New York, Lookout! imene inatulutsa chimbale cha Operation Ivy mu 1989, Hellcat ya Tim Armstrong wa gulu la Rancid kuyambira 1997. Kampani yaing'ono imakhala ya munthu mmodzi kapena awiri amene amaika ndalama zawo zomwe pa gulu lomwe alikhulupirira. Munthu wotero wamvera kale nyimbo zambirimbiri zosakoma kuti apeze imodzi yabwino. Khutu lake likagwirizana ndi lanu, ntchito wakugwirirani theka.

Mike Park ndi chitsanzo chomwe aliyense amachitchula. Anayambitsa Asian Man Records mu 1996 ndipo kwa zaka zambiri wakhala akuiyendetsera m'galaja ya kunyumba kwa makolo ake ku California. Chimbale choyamba cha Alkaline Trio chinatulukira kwa iye mu 1998, dzina lawo lisanamveke patali. M'badwo uno dzina lomwe lili pakamwa ndi Bad Time Records, imene Mike Sosinski wa gulu la Kill Lincoln anaiyambitsa mu 2018. Pakati pa 2020 ndi 2022 inatulutsa zimbale za Kill Lincoln, Bad Operation ya ku New Orleans, Catbite ya ku Philadelphia, We Are The Union ndi JER, ndipo amene ankangotsatira kampani imodzi yokhayi anaona ska punk ikudzukanso anzawo akadali kunena kuti inafa. Ska Punk International nayo ikuchita zofanana, ndipo imakonda kutola magulu a kunja kwa America. Ku England kuli TNS Records ya ku Manchester. Mayina amenewa tsopano si achilendonso kwa otsatira ska, ndawatchula kuti mudziwe polowera. Chofunika ndi dzina lotsatira lomwe makampaniwa alengeze.

Mphatso yaikulu ya makampani otere ndi zimbale zophatikiza magulu ambiri. Akuluakulu amakumbukira Punk-O-Rama ya Epitaph ndi Fat Music for Fat People ya Fat Wreck Chords, zonse zoyamba mu 1994, komanso Give 'Em the Boot ya Hellcat ya mu 1997. Zinkagulitsidwa motsika mtengo dala: munthu ankagulira gulu limodzi lomwe ankalidziwa n'kutuluka atadziwa ena 15. Mwambowu udakalipo. Mu 2020 Bad Time, Asian Man ndi Ska Punk Daily anasonkhanitsa magulu akale ndi atsopano pa chimbale cha Ska Against Racism, potengera dzina la ulendo wa zoimbaimba umene Mike Park anakonza mu 1998. Palinso timbale togawana, mbali imodzi gulu ili, mbali inayo gulu lina. Bad Time inachita zimenezi mu 2021 poika Less Than Jake ndi Kill Lincoln pa kambale kamodzi, kuti okonda akalewo amve za ana awo. Pa mphindi 40 za chimbale chophatikiza mumamva magulu osankhidwa bwino kuposa omwe makina angakupatseni pa sabata.

Ku pop punk njirayi imagwira, koma mosakwanira. Hopeless, Pure Noise, Fearless ndi Epitaph ndi makampani okhazikika, ndipo gulu likamafika kumeneko limakhala litayenda kale zaka zingapo. Fueled by Ramen, imene John Janick anaiyambitsa mu 1996 pamodzi ndi Vinnie Fiorello, yemwe panthawiyo anali woimba ng'oma wa Less Than Jake, inatulutsa Fall Out Boy mu 2003 ndi Paramore mu 2005 asanatchuke, koma lero ili m'manja mwa kampani yaikulu ya Warner ndipo siyenda ngati kale. Ofuna pop punk yongophuka atsikire kwa ang'onoang'ono monga Counter Intuitive, kapena kwa magulu otulutsa okha opanda kampani, omwe ndi ochuluka zedi. Choipa china cha njirayi, ku mitundu yonse iwiri, n'choti mumamva zokhazo zomwe mwini kampani amakonda. Tsatirani makampani atatu kapena anayi osiyana maganizo.

Pang'ono pambali: tsatiraninso oimba eni ake gulu likatha. Operation Ivy itatha kunabadwa Rancid. Slapstick, gulu la ska punk la ku Chicago lomwe silinakhalitse, mamembala ake anakapezeka mu Alkaline Trio ndi The Lawrence Arms. Tomas Kalnoky anachoka ku Catch 22 n'kudzayambitsa Streetlight Manifesto. Woimba lipenga wa gulu lomwe munkalikonda sangakhale manja lende, ali kwinakwake ndi anthu ena.

Akalambula bwalo

Ndikanauzidwa kuti ndisankhe njira imodzi yokha yogwira ku mitundu yonse iwiri, ndikanasankha iyi. Pa 28 May 1989 a Operation Ivy anaimba komaliza pa 924 Gilman Street ku Berkeley, kalabu yoyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, yolola ana ndi akulu omwe, yosalola mowa. Pakati pa magulu olambula bwalo tsiku limenelo panali anyamata otchedwa Green Day. Amene anafika mochedwa kuti angoonera gulu lalikulu anawaphonya, ndipo patapita zaka 5 anawaona pa MTV. A The Linda Lindas dziko linawadziwa mu May 2021 kudzera pa kanema yemwe anajambulidwa ku laibulale ya mzinda wa Los Angeles, koma mu 2019 anali atalambula kale bwalo la Bikini Kill. Amene ankawerenga mayina a olambula bwalo anatsogola ndi zaka ziwiri.

Simufunika kukhala mu mzinda womwe kukuimbidwako. Zithunzi zolengeza maulendo a magulu zimaikidwa pa Instagram ndi pa Facebook, ndipo Songkick ndi Bandsintown zimasunga mndandanda wa amene akuimba kuti, liti, ndi yani. Tengani chithunzi cholengeza chikondwerero chilichonse. Pamwamba pali mayina atatu a zilembo zikuluzikulu, omwe mumawadziwa kale. Mizere imapita ikuchepa, mpaka pansi penipeni, pafupi ndi zizindikiro za makampani othandiza, pamene pali timayina tothithikana toti muchite kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri kuti muwerenge. Yambirani pamenepo, kukwera m'mwamba. Lembani mayina 10, perekani nyimbo ziwiri kwa lililonse. Ambiri muwataya, awiri kapena atatu atsala.

Zikondwerero nazo sizifanana. When We Were Young, chomwe chinayamba kuchitikira ku Las Vegas mu 2022, chimagulitsa chikumbutso cha unyamata, ndipo chithunzi chake ndi mndandanda wa magulu omwe munkawamvera kusukulu. The Fest ya ku Gainesville, Florida, imene yakhala ikuchitika kuyambira 2002, imamwaza magulu mazana angapo m'makalabu ang'onoang'ono a mumzindawo, ndipo mndandanda wake ndi mgodi weniweni. Ku Britain kuli Slam Dunk, yomwe inayambira ku Leeds mu 2006 ndipo imaika pop punk ndi ska pamodzi, komanso Manchester Punk Festival. Okonda ska okhaokha ayang'ane mindandanda ya m'mbuyomu ya Supernova ya ku Virginia. Warped Tour ya Kevin Lyman, yomwe inazungulira America kuyambira 1995 mpaka 2018 n'kudzabwereranso mu 2025 m'mizinda yowerengeka, inali ndi kachitidwe kanzeru: nthawi yoimbira gulu lililonse inkasintha tsiku ndi tsiku ndipo inkalengezedwa m'mawa mwa tsikulo. Munthu ankafika molawirira poopa kuphonya gulu lake, ndipo podikirapo ankangopezeka waima patsogolo pa kasiteji ka anthu osadziwika.

Chenjezo ndi loti si gulu lililonse lolambula bwalo linasankhidwa chifukwa cha luso. Ena amaikidwapo ndi kampani yomwe ikufuna kuwatchukitsa, ena amachita kulipira kuti akwere nawo ulendo. Odalirika kwambiri ndi aja amasintha mzinda ndi mzinda: gulu lalikulu likafika ku Leeds pali dzina lina, ku Bristol pali lina. Amenewo ndi eni mzinda, osankhidwa ndi wokonza chionetsero amene amadziwa yemwe akukoka anthu kwawoko.

Bandcamp

Bandcamp, tsamba la pa intaneti logulitsirapo nyimbo lomwe linayamba mu 2008, ili pakati pa makina ndi anthu. Gulu lililonse limaikapo nyimbo zake lokha, ndipo pansi pa tsamba limalemba mawu olozera: mtundu wa nyimbo ndi mzinda womwe likuchokera. Mukadina pa ska punk n'kusankha zongofika kumene, mumaona zomwe zatuluka masiku omwewa, kuphatikizapo za magulu opanda kampani, opanda wowalengeza, ojambulira m'chipinda chogona. Palibe njira ina yokufikitsani pafupi chotero ndi chiyambi.

Koma chuma chenicheni chili pa timabokosi ta nkhope tomwe tili m'munsi mwa chithunzi cha chimbale. Amenewo ndi anthu omwe anachigula. Dinani pa mmodzi, muona zonse zomwe anagulapo. Mukapeza munthu woti zimbale 6 mwa zake mumazikonda kale, mutsatireni, ndipo chilichonse chomwe agule mudzachiona. Ameneyu watulutsa ndalama m'thumba, choncho umboni wake ndi wolemera kuposa wa munthu wongodina kamtima. Pa malonda a nyimbo Bandcamp imatengapo 15 peresenti, pa matisheti ndi mbale 10 peresenti, ndipo kuyambira March 2020 yakhala ikupatula masiku ena a Lachisanu pamene simatengapo gawo lake. Magulu ang'onoang'ono ambiri amadikira masiku amenewo kuti atulutse zatsopano.

Mtengo wake ndi nthawi yanu. Mawu olozera amalemba ndi oimba eni ake, ndiye pansi pa pop punk mupeza chilichonse chokhala ndi gitala, ndipo zambiri n'zojambulidwa mwachisawawa. Ku ska chiwerengero n'chochepa moti madzulo amodzi mungathe kudutsamo zatsopano zonse. Ku pop punk wonjezerani dzina la mzinda, apo ayi mumira.

TikTok ndi YouTube

Apa pop punk ndi imene imapindula. Kolasi yake imagwira m'masekondi 15, ndipo kuchokera pamene Machine Gun Kelly ndi Olivia Rodrigo anabwezeretsa kamvekedweka pa wailesi mu 2020 ndi 2021, achinyamata ambiri oimba anathamangira ku makanema afupiafupi. A Meet Me @ the Altar anadziwana kudzera pa YouTube akukhala m'madera osiyana a America, ndipo mu 2020 anasainirana ndi Fueled by Ramen. Ku ska kuli Skatune Network ya Jeremy Hunter, yemwe ndi JER uja, amene anakopa anthu posandutsa nyimbo zodziwika kukhala ska kenako n'kumawalozera ku magulu atsopano. Kupatula anthu ochepa otere, njirayi sindiidalira kwambiri. Imakuonetsani odziwa kupanga kanema, ndipo si onse amene ali ndi nyimbo yachiwiri.

Olemba ndi okamba nkhani za nyimbo ndi othandiza kwa amene alibe nthawi yofukula okha. Masamba a pa intaneti a Punknews ndi BrooklynVegan, komanso pologalamu ya In Defense of Ska ya Aaron Carnes, yemwe analembanso buku la dzina lomweli mu 2021, amatchula magulu atsopano pafupipafupi. Amafika mochedwerapo kuposa Bandcamp, koma amatsogola kuposa makina.

Kunja kwa Chingerezi

Njira zonsezi zimakonda kukukokerani ku America ndi ku Britain, pamene ska punk ili ndi makamu aakulu kwina. Ku Mexico a Panteón Rococó amadzaza mabwalo akuluakulu. Ku Spain kuli Ska-P ya ku Madrid, ku Italy kuli Talco, ku Japan kuli Kemuri ndi Hey-Smith, amene amakonza chikondwerero chawochawo ku Osaka. Indonesia ili ndi Tipe-X ku ska ndi Pee Wee Gaskins ku pop punk, ndipo South Africa inabala Fuzigish ku Johannesburg ndi Hog Hoggidy Hog ku Cape Town. Onsewa ndi akale m'maiko mwawo, koma aliyense ali ndi akalambula bwalo ake. Makina sakutengerani kumeneko pokhapokha mutayamba nokha. Pa Bandcamp lembani Osaka, Bandung kapena Guadalajara pambali pa mtundu wa nyimbo.

Mwalipeza gulu, ndiye?

Wofuna zosavuta akhale ndi makina, koma awayambitsire pansi. Wokonda ska atsatire makampani ndi zimbale zophatikiza, zina zonse zingokhala zowonjezera. Wokonda pop punk awerenge timayina ta pansi pa zithunzi zolengeza, atsimikize pa Bandcamp. Ndipo musanalengeze kwa anzanu kuti mwapeza gulu la mawa, lifuneni likuimba pamaso pa anthu, kaya pa kanema wa pafoni kapena pa Audiotree ya ku Chicago, yomwe imajambula magulu akuimba pompopompo.

Situdiyo imabisa zambiri, makamaka ku pop punk, kumene kompyuta imawongola mawu a woimba ndi kugunda kwa ng'oma. Pa siteji mumamva ngati woimbayo amafikadi pamwamba pa kolasi atalumphalumpha nyimbo zitatu, ndiponso ngati wa ng'oma sathamanga kusiya anzake. Ku ska tcherani khutu pamene phokoso la gitala lazimitsidwa n'kutsala kukwapula kuja kwa nsambo chokweza, kogwera pakati pa kugunda kwa ng'oma. Ambiri amatha kuimba punk yothamanga, koma pamenepa ndi pomwe zimadziwika ngati wa besi ndi wa ng'oma anamverapo The Skatalites, gulu lakale la ska la ku Jamaica. Mveraninso malipenga: kodi ali ndi nyimbo yawoyawo yoyankhana ndi woimba, kapena angobwereza zomwe gitala yanena kale?

Gulu la ska likakhala chete chaka chathunthu musafulumire kulifufuta. Anthu 7 kapena 8, aliyense ndi ntchito yake ya masana, savuta pang'ono kuwasonkhanitsa mu situdiyo, ndipo ndalama ya usiku umodzi ikagawidwa pakati pawo sikwanira n'komwe mafuta a galimoto. Poona ngati gulu lidakalipo, yang'anani tsiku lomwe linaimba komaliza pamaso pa anthu, osati tsiku lomwe linatulutsa chimbale.